Kalata yotseguka kwa akuluakulu oyendetsa maofesi, zipatala ndi masukulu: chifundo chimafuna mpata

Olemekezeka akuluakulu,

Ndikulembera inu amene mumasaina malamulo a kagwiridwe ka ntchito: nduna ndi alembi awo, oyang'anira zipatala, masukulu ndi mabanki, komanso eni makampani amene makina awo ndiwo akuyankha anthu masiku ano. Ambiri mwa anthu amene malamulo anu amawakhudza simudzawaona ndi maso mpaka kalekale, ndipo nkhani yanga yagona pomwepo.

Kwa zaka zingapo ndinkagwira ntchito pa zenera lolandirira anthu. Ofesi yake sinditchula, poti maofesi otere amafanana kulikonse. Pa kompyuta yanga panali kawotchi kowerenga mphindi zimene ndatha ndi munthu aliyense, ndipo mwezi ukatha bwana ankabwera ndi pepala losonyeza amene akuchedwetsa mzere. Tsiku lina masana panafika mayi ena achikulire, mapepala a malemu amuna awo ali mu jumbo, atawapinda mosamala. Pa pepala limodzi panasowa siginecha. Ndinati, "Mayi, ili silinasainidwe, mubwerenso." Iwo anayamba kufotokoza motsitsa mawu kuti woyenera kusainayo ndi malemuwo. Asanamalize n'komwe, ine ndinali nditaitana kale wotsatira. Ndinaona manja awo akunjenjemera pobwezera mapepala mu jumbo muja, pepala lina n'kugwa pansi, iwo n'kuwerama pang'onopang'ono kulitola. Chinachake chinandifinya pakhosi, ndipo ndinachimva bwinobwino. Koma kawotchi kaja kanali katafiira, anthu pamzere akung'ung'udza, ndiye maso anga ndinawabwezera pa kompyuta.

Kuyambira tsiku limenelo, ndikamva wina wa inu akudandaula pamsonkhano kuti anthu a masiku ano anauma mtima, ndimaona kuti waphonya nkhani. Ine mtima sunaume. Chimene ndinasowa ndi mphindi zitatu ndi chilolezo chodzuka pampando kukafunsa ku chipinda china. Pakhoma kumbuyo kwanga panali chikwangwani chachikulu cholembedwa kuti timasamala za munthu aliyense.

Chifundo chimene ndikunena si chija choponyera wopempha kandalama nkhope ili kumbali. Ndikunena chija chimakugwira m'mimba ukaona mnzako wadzicheka chala, thupi lako n'kuchita tsemwe usanaganize kanthu. Kenako umazindikira kuti ululuwo ndi wake, n'kufuna kumuthandiza. Chimenechi palibe sukulu imene inatiphunzitsa. Mu 1971 Marvin Simner anapeza kuti makanda a masiku awiri kapena atatu amalira kwambiri akamva khanda lina likulira kusiyana ndi akamva phokoso lina lokwera mofanana. Ofufuza ena mu 1982 anajambula kulira kwa makanda n'kuwamvetsera eni akewo, ndipo kulira kwawo komwe sikunawasokoneze ngati mmene kulira kwa anzawo kunkachitira. Mu 2006 ku Leipzig, Felix Warneken ndi Michael Tomasello anayesa ana 24 a miyezi 18. Bambo wina wachilendo ankayanika zovala, chopanira n'kumupulumuka, iye n'kumayesetsa kuchifikira osachipeza. Ana 22 anathandiza pa zinthu ngati zimenezi popanda kuuzidwa. Bamboyo akachiponya dala pansi, anawo sankadzivuta nacho. Mwana woti ngakhale kulankhula sanayambe bwino akutha kale kusiyanitsa munthu amene wavutika ndi amene akungosewera. Patapita zaka ziwiri ofufuza omwewa anapeza china chimene ndikufuna muchisunge: ana amene ankapatsidwa mphatso akathandiza, pambuyo pake ankathandiza mocheperapo kusiyana ndi amene sankapatsidwa kanthu.

Mizu yake inapita pansi kuposa mtundu wa anthu. Mu 1959 Russell Church anaona kuti makoswe amasiya kudina kachitsulo kowapatsa chakudya akaona khoswe mnzawo akugwidwa shoko ya magetsi. Mu 1964 Jules Masserman ndi anzake anachita zofanana ndi anyani a mtundu wa rhesus, ndipo nyani mmodzi anakhala masiku 12 osakoka unyolo wa chakudya atangoona kuti kukokako kukupweteka mnzake. Frans de Waal, amene anamwalira mu 2024, anatha zaka akuonerera anyani akuluakulu otchedwa chimpanzi ku malo osungira nyama a ku Arnhem, m'dziko la Netherlands, n'kulemba mmene wina amapitira kukakumbatira mnzake amene wagonja pa ndewu.

Nawonso mafupa a makolo akalekale amanena zawo. Ku Dmanisi, m'dziko la Georgia, anafukula chigaza cha zaka pafupifupi 1.8 miliyoni cha munthu amene mano ake onse anali atachoka kupatula limodzi, mabowo ake m'nsagwada atatsekeka, kusonyeza kuti anakhala nthawi yaitali ali choncho. M'phanga la Shanidar ku Iraq, Ralph Solecki anapeza mu 1957 mafupa a mwamuna wa mtundu wa anthu akalekale wotchedwa Neanderthal, wopuwala mkono, wovulala kwambiri pafupi ndi diso, amene anafikabe zaka za m'ma 40. Akatswiri ambiri amaona kuti munthu wotere sakanafika msinkhu umenewo m'nthawi ya ulenje popanda ena omusamala. Sarah Hrdy, katswiri wofufuza za chiyambi cha anthu, akufotokoza chifukwa chake motere: mwana wa munthu amatenga zaka zambiri kuti adzidalire, moti mayi yekha sakanakwanitsa. Chimpanzi chachikazi chimakhala miyezi osalola wina kugwira khanda lake, pamene ife khanda timapatsirana tsiku lomwe labadwa. Ana amene ankatha kuwerenga nkhope za owalera osiyanasiyana ndi amene ankapulumuka, ndipo magulu amene ankamva kulira kwa mwana wa wina ngati wawo ndi amene anachuluka. Amene anati mwana wa mnzako ngwako yemwe ankanena mmene mtundu wathu unapulumukira.

Mwina mukuti, ngati chifundo n'chobadwa nacho, ife chikutikhudza bwanji? Chikukukhudzani chifukwa n'chosachedwa kuzima, ndipo zinthu zimene zimachizimitsa zili m'manja mwanu.

Chimene ndimachidziwa bwino ndi changu, poti ndicho chinandigwetsa. Pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 1973, John Darley ndi Daniel Batson anatenga ophunzira zaubusa ku Princeton, m'dziko la America, n'kuwatuma kuti akalankhule ku nyumba ina. Ena anauzidwa kuti akalankhule za fanizo la Msamariya wachifundo. M'njira munali munthu wogwa pakhomo, akutsokomola ndi kubuula. Mwa amene anauzidwa kuti nthawi ilipo, 63 pa 100 alionse anaima kuti athandize. Mwa amene anauzidwa kuti achedwa kale, anaima ndi 10 okha pa 100 alionse, ndipo ena anachita kumulumpha munthuyo. Kaya wina anali ndi fanizo lija m'mutu kaya ayi, sizinasinthe zambiri. Anthu ake anali amodzimodzi, chikhulupiriro chimodzimodzi. Chimene chinasiyana ndi mawu a amene anawatuma. Inu ndinu otumawo. Mukaika namwino mmodzi pa odwala ochuluka kuposa mphamvu zake, mukaika mphunzitsi mmodzi kutsogolo kwa ana oti sangathe kuloweza ngakhale mayina awo, mwawauza kuti achedwa kale, ndipo mumawauza zimenezi tsiku lililonse m'mawa. Ku England, lipoti la Robert Francis la mu 2013 linafotokoza zimene zinachitika pa chipatala cha Stafford pakati pa 2005 ndi 2009: odwala osiyidwa m'zofunda zonyowa, ena osatha kufikira madzi akumwa. Lipotilo linaloza chala akuluakulu amene anachepetsa antchito n'kuika mtima pa ndalama ndi manambala oti akwaniritse. Anamwino a kumeneko sanalembedwe ntchito chifukwa cha nkhanza. Anangoikidwa pamalo pamene kuima pa bedi la wodwala mmodzi kunkaoneka ngati kuba nthawi ya ena.

China ndi mtunda. Nkhani imene imandikhudza kwambiri pa zimenezi ndi yakale, zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe. Mencius, munthu wanzeru wa ku China, ankaphunzitsa kuti aliyense akaona kamwana katsala pang'ono kugwera m'chitsime, mtima umamudumpha, osati pofuna kukondedwa ndi makolo ake kapena kutamandidwa ndi anthu. Iye ankati kumva kumeneku kuli ngati mphukira yofunika kuisamala kuti ikule. Tsiku lina anakumbutsa mfumu Xuan ya ku Qi zimene inachita: itaona ng'ombe ikunjenjemera popita kukaphedwa pa mwambo, inalamula kuti aisiye, aphe nkhosa m'malo mwake. Anthu ankati mfumuyo yachita umbombo. Mencius anaiuza kuti chifukwa chake n'chakuti ng'ombe inaiona, nkhosa sinaione, ndipo anaifunsa kuti bwanji chifundo chofika kwa nyama chikulephera kufika kwa anthu ake. Stanley Milgram, pa kafukufuku wake wotchuka amene anayamba ku Yale mu 1961, anapeza zogwirizana ndi zimenezi. Anthu akalamulidwa kupereka shoko kwa munthu amene sakumuona, 65 pa 100 alionse ankafika pa mlingo womaliza. Munthuyo akakhala m'chipinda chomwecho ankatsika kufika pa 40, ndipo akafunika kumugwira dzanja n'kulikanikiza okha, ankatsala 30.

Ntchito yanu, mwa chikhalidwe chake, ndi yolamula za nkhosa zimene simunazione, ndipo makompyuta awonjezera mtundawo. Ku Netherlands, nthambi yotolera misonkho inanamizira makolo pafupifupi 26,000 kuti anaba ndalama zothandizira kulera ana, n'kuwalamula kubweza ndalama zambirimbiri. Makina osankhira oti afufuzidwe ankaona kukhala nzika ya mayiko awiri ngati chizindikiro chokayikitsa. Mabanja anasweka, ena anataya nyumba, ndipo boma la Mark Rutte linatula pansi udindo mu January 2021. Ku Australia, pakati pa 2016 ndi 2019, makalata a ngongole zowerengedwa molakwika ndi makina ankapita kwa anthu osauka popanda munthu wowaunika kaye. M'nkhani zonsezi anthu analira, analemba makalata, anaimba mafoni, koma panalibe nkhope yoti kulirako kuifike. Sindikudana ndi makina. Amachepetsa mizere ndipo sadya ziphuphu. Koma lamulo lililonse lotha kulanda munthu pogona kapena chakudya cha ana ake liyenera kukhala ndi munthu weniweni kumapeto kwake, wokhala ndi dzina, wokhala ndi mphamvu zoimitsa zinthu akamva kuti pali cholakwika.

Ndiye pali funso lakuti wathu ndani. Apa ndi pamene chifundo chimaonetsa manyazi ake. Mu 2004 Tania Singer anaika amayi m'makina ojambula ubongo ku London, ndipo anapeza kuti akaona chizindikiro choti wokondedwa wawo akumva ululu, mbali zina za ubongo zimene zimagwira ntchito iwo eni akamva ululu zinkayakanso. Koma mu 2010 ku Zurich, iye ndi anzake anayesa ochemerera mpira, ndipo kuyaka kuja kunkachepa wovutikayo akakhala wochemerera timu yopikisana nayo. Mtundu wa malaya okha unali wokwanira. Ku Rwanda mu 1994, wailesi ya RTLM inkatchula Atutsi kuti mphemvu, ndipo anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku pafupifupi 100, ambiri ndi anthu owadziwa. Opha aja ana awo ankawakondabe. Anangouzidwa mobwerezabwereza kuti ena aja si anthu, ndipo owauzawo anali ndi maudindo.

Komabe malire amenewa amasuntha. Ofufuza a ku Chicago, Inbal Bartal, Jean Decety ndi Peggy Mason, anasonyeza mu 2011 kuti khoswe amaphunzira kutsegulira mnzake amene watsekeredwa m'kabokosi, ngakhale pafupi pali chokoleti choti akanangodya yekha. Mu 2014 anapeza kuti khoswe woyera satsegulira mlendo wa mtundu wamawanga akuda. Koma akagonera limodzi ndi wamawanga mmodzi kwa milungu iwiri, amayamba kutsegulira amawanga ena onse, ngakhale amene sanawaonepo. Ndipo khoswe woyera woleredwa pakati pa amawanga sankatsegulira oyera anzake. Magazi analibe nazo ntchito. Chinali chofunika ndi amene wakhala nawo. Mukamasankha komanga masukulu ndi ana amene aphunzire limodzi, mukamagawa malo okhala, mukamasankha mawu otchulira othawa kwawo pa wailesi, ndi inu eni masamba a mchezo pa intaneti mukamasankha zimene anthu aziona poyamba m'mawa, mukulemba malire a chifundo cha anthu mamiliyoni.

Ndisaiwale za ana. Boma la Nicolae Ceaușescu litagwa ku Romania mu 1989, anapeza ana oposa 100,000 m'nyumba zosungira ana. Alendo ankadabwa ndi bata la m'zipinda za makanda, amene anali atasiya kulira poona kuti palibe amabwera. Kafukufuku amene anayamba ku Bucharest mu 2000 ndi ana 136 anasonyeza kuti amene anatengedwa kukaleredwa m'mabanja, makamaka asanakwanitse zaka 2, anakula bwino m'nzeru ndi pa kukondana ndi owalera kusiyana ndi amene anatsala. Mphukira ija imafuna kuyankhidwa kuti ikule. Choncho tchuthi cha mayi kapena bambo wa khanda, ndi malipiro a olera ana, si nkhani zazing'ono zoika kumapeto kwa bajeti.

Ndikudziwa zimene ena a inu munganene, ndipo si zopanda nzeru. Paul Bloom analemba buku mu 2016 lotsutsa kudalira kumva ululu wa ena posankha zochita, ponena kuti kumakondera ndipo sikudziwa kuwerenga. Umboni ulipo. Mu 2007 Deborah Small, George Loewenstein ndi Paul Slovic anapeza kuti anthu ankapereka zambiri akauzidwa za mtsikana mmodzi wa zaka 7 wa ku Mali kusiyana ndi akauzidwa za mamiliyoni ovutika ndi njala, ndipo manambala akaikidwa pambali pa nkhani ya mtsikanayo, zopereka zinkatsika. Mu September 2015 chithunzi cha Alan Kurdi, kamwana ka ku Syria kamene kanapezeka katafa m'mphepete mwa nyanja ku Turkey, chinagwedeza dziko lonse, pamene nkhondo ya ku Syria inali itapha kale anthu masauzande mazanamazana. Zopereka ku bungwe la Red Cross la ku Sweden zinakwera kwambiri, koma patangotha milungu yochepa zinatsikanso. Ndikuvomera kuti dziko silingayendetsedwe ndi misozi. Nduna imene ingapereke mankhwala onse kwa wodwala amene waoneka pa TV n'kuiwala ena chikwi yalakwa. Manambala ndi ofunika, malamulo ofanana kwa onse ndi ofunika.

Koma manambala sauza munthu chifukwa chake ayenera kuwerenga. Amene sanamvepo ululu wa munthu mmodzi alibe chomuchititsa kuda nkhawa ndi chikwi. Ndipo chifundo chimaona zinthu zimene fomu siona. Fomu yanga inkafuna siginecha. Mayi aja akanandiuza m'mphindi imodzi kuti lamulolo likufuna chosatheka, ndipo ofesi yonse ikanaphunzira kanthu. Nawo odwala amapindula m'thupi mwenimweni: Mohammadreza Hojat ndi anzake, pofufuza odwala matenda a shuga 891 mu 2011, anapeza kuti 56 pa 100 alionse a odwala a madokotala omvetsa za ena anali ndi shuga woyenda bwino, poyerekeza ndi 40 pa 100 kwa madokotala amene anapeza mapointi ochepa pa zimenezi. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Wodwala amene wamvetseredwa amaulula kuti mankhwala anasiya kumwa, ndipo amanena chimene chinamusiyitsa. Hojat yemweyu anapezanso mu 2009 kuti chifundo cha ophunzira udokotala chimatsika m'chaka chachitatu, pamene ayamba kukumana ndi odwala enieni m'mawodi othithikana. Amabwera nacho, dongosolo n'kuwalanda.

Tsono chonde, musatitumizirenso maphunziro a tsiku limodzi a mmene tingamwetulire. Ndinakhalapo pa maphunziro otere. Tinalandira satifiketi, mawa lake kawotchi kanali pomwepo. Musaikenso mphotho ya wantchito wachifundo wa mwezi uno, kumbukirani ana aja a mphatso. Lembani antchito okwanira kuti munthu athe kumaliza chiganizo chake. Mupatseni wa pa zenera mphamvu zochepa zoti anene kuti nkhani iyi ndi yapadera, popanda kuopa kuti mwezi ukatha dzina lake likhala pa pepala la ochedwetsa mzere. Amene ntchito yawo ndi kuona mavuto tsiku ndi tsiku, anamwino, apolisi, othandiza ana ozunzidwa, apatseni nthawi yopuma ndi munthu wowamvetsera, chifukwa mtima umene watopa umadziteteza potseka chitseko. Poyeza ntchito, werengani amene vuto lawo latha, m'malo mongowerenga amene adutsa pa zenera. Mayi aja analembedwa m'kaundula wanga ngati munthu amene wathandizidwa m'mphindi ziwiri, ndipo mwezi umenewo ndinayamikiridwa.

Pempho langa lomaliza ndi la inu eni. Kamodzi pa miyezi itatu, siyani galimoto ndi wokunyamulirani chikwama, mukhale tsiku lathunthu pamalo pamene lamulo lanu limakumana ndi munthu. Musalengeze kuti mukubwera, chifukwa adzakolopa ndi kubisa mzere. Imbani nokha nambala ya madandaulo ya kampani yanu, mudikire mpaka wina ayankhe. Tengani fomu imene munavomereza, muidzaze nokha ndi cholembera, ngati munthu amene mnzake wa zaka 40 wamwalira mwezi watha, ndipo mukafika pa mzere wa siginecha ya malemu, muone chimene mungalembepo.

Ndine wanu,
Amene kale ankakhala kuseri kwa zenera